Mowa Wokhala Pakati pa Mkaka ndi Maheu

Lachiwiri masana ndinalowa m'shopu ina ya ku Katondo, kuno ku Kabwe, kukagula buledi. Buledi yekha. Koma kutentha kwa mwezi uno mukukudziwa, ndiye miyendo inanditengera ku furiji kuti ndione ngati muli maheu ozizira.

Pamwamba panali mkaka. Pansi panali maheu ndi timajusi ta ana. Pakati, pamene dzanja la munthu limayambira kufika, panali timabotolo ta tiyi wosasa uja amene tauni yonse ikumutcha kombucha.

Ndisanasankhe n'komwe, dzanja lina linadutsa pambali panga n'kutola timabotolo tiwiri ta pakatipo. Dzanjalo ndinalidziwa ndisanaone nkhope ya mwini wake, chifukwa lili ndi chipsera cha mbaula chimene chinabwera ine ndikuona, tili ana. Anali mlongo wanga Tikambenji, atavala bulauzi yake yoyera, akuchokera kozonda odwala ndi amayi anzake a Chigwirizano.

Anayamba wandidzudzula kaye kuti ndafika mpaka ku Katondo osaponda pakhomo pake. Nditapepesa, ndinaloza timabotolo tija n'kufunsa kuti n'ta yani.

"Ni ya atate a Dalitso," anatero akumwetulira. "Yawathandiza maningi, achimwene. Manje akudya bwino, tulo akugona, na kuseka ayambanso kuseka."

Kuti mumvetse chifukwa chimene mawu amenewo anandiopsera, ndiyenera kukuuzani za atate a Dalitsowo.

Dzina lawo ndi a Sakala, ndipo ndi mlamu wanga. Makolo awo ndi athu anachokera kum'mawa, anabwera ku Kabwe kutsata ntchito, ndipo anabwera ndi mpingo wawo m'chikwama. A Sakala ankagwira ntchito ku njanji. Ntchito itatha, nthawi ija anthu ambiri anatumizidwa kunyumba, iwo anapeza ina ya kumwa. Anayamba ndi wa m'mabotolo. M'thumba mutapepuka anatsikira ku wa masese, ndipo mathero ake anali kachasu wa kuseri kwa nyumba za ku Makandanyama.

Ine ndinawanyamulapo pa wilibala masanasana, ana akutsatira pambuyo. Njinga inapita. Wailesi inapita. Makina osokera a Tikambenji, amene amayi athu anamusiyira, anapita. Mpingo unawadula pa Mgonero, ndipo mlongo wanga ankakhala kumbali ya azimayi akuyang'ana benchi ya abambo pamene mwamuna wake panalibe.

Kenako anasiya. Panalibe chozizwitsa ayi. Anadwala mpaka kusanza magazi, adokotala anawauza mosapsatira za chiwindi chawo, iwo n'kuchita mantha. Mantha aja anagwira ntchito, ndipo zaka zingapo zadutsa pakhosi pawo pasanadutse dontho.

Koma zaka zimenezo sizinadzisunge zokha. Anazisunga ndi Tikambenji.

Anasintha njira yopitira kutchalitchi kuti isadutse pa bala ina iliyonse, ngakhale kuti yatsopanoyo ndi yozungulira. Pamaliro amadziwa kuti ndi gulu liti la abambo limene lili ndi kanthu pansi pa mpando, ndipo amatuma uthenga kuti a Sakala akufunika kwina. Akamabwera madzulo amawalandirira pakhomo, n'kuwapatsa moni wapafupi kwambiri. Anthu oyandikana nawo amati ndi chikondi cha achikulire, koma iye amakhala akununkhiza.

Ndiye pali nkhani ya munkoyo, chakumwa cha chimanga ndi mizu chija tinachipeza kwa eni dziko kuno. A Sakala amaukonda, ndipo mlongo wanga amauphika bwino. Koma m'mawa uliwonse amayamba waulawa ndi nsonga ya lilime. Ukangoyamba kuluma, amanyamula chidebe chonse n'kukakhuthula kuseri kwa nyumba, ngakhale ufa utakwera mtengo chotani. Amadziwa, monga amadziwira mayi aliyense amene anaphikapo thobwa, kuti chotsekemera chikagona chimasanduka china.

Ulendo umodzi wokha ndi umene amawalola kuyenda okha popanda kuwerengera mapazi awo: kukagula buledi m'mawa. Ku shopu kulibe mowa. Aliyense amadziwa zimenezo.

Ndipo sabata ino si sabata wamba panyumba paja. Lamulungu likubwerali kuli Mgonero, ndipo akulu a mpingo ananena kuti nthawi yakwana yoti a Sakala abwerere pa gome. Tikambenji wakhala akudikira Lamulungu limeneli kuposa mmene anadikirira tsiku la ukwati wake.

Tibwerere m'shopu muja. Ndinatenga kabotolo kamodzi, ndinavala magalasi, n'kuyamba kukazunguliza. Kumbuyo, m'munsi, m'timalemba toti nyerere ingatiphimbe, kanali kuvomera kuti muli mowa pang'ono. Ka mtundu wina, kamene kanali pambali pake, sikananene chilichonse. Tikambenji atatuluka panja, ndinafunsa mayi mwini shopu, wobadwira mu tauni mom'muno, ngati akudziwa zimene akugulitsa. Anandiseka.

"Ba uncle, iyi si moba, ni tea chabe. Na ba pastor bamagula, na bana ba sukulu. Ise tilibe na license ya moba."

Mayi uja sanali kunama. Amakhulupirira zimene ananenazo ndi mtima wake wonse, ndipo n'chimene chikundiopsa.

Tiyeni tiuzane zoona, abale anga. Kodi ife mowa timaudziwira chiyani? Timaudziwira khomo limene watulukira. Ukatuluka pa khomo la bala, pali nyimbo ndi fungo la mkodzo kuseri, ndi mowa. Ukakhala m'botolo lofiirira, ndi mowa. Ukagulidwa ndi munthu amene akuyang'ana uku ndi uku, ndi mowa. Koma ukatuluka m'shopu, m'jumbo imodzi ndi sopo ndi mchere, wogulayo atavala bulauzi yoyera, timati ndi chakumwa chopatsa thanzi.

Ine si m'busa. Mowa ndimamwa, ndipo ndimaumwera kumene mowa umamwedwa, pamaso pa anthu, ndikudziwa dzina la chimene chili m'manja mwanga. Sindikulimbana ndi tiyi wosasayu chifukwa cha chiyero changa, chifukwa ndilibe chiyero choti n'kunyadira. Ndikulimbana naye chifukwa walowa m'nyumba zathu atavala zovala za wina.

Palibe chinsinsi pa kapangidwe kake. Ndi tiyi ndi shuga, zosiyidwa kuti zisase. Chosasa chilichonse chimabereka mowa, kaya wochepa kaya wambiri. Mabotolo ena ali ndi wochepa kwambiri moti sungaumve. Ena ali ndi woti mwana wa sukulu akamwa awiri ayambe kuyankha aphunzitsi mwachipongwe. Vuto ndi lakuti iwe wogula sudziwa kuti watola liti. Ndipo zosasa sizimvera chitsekerero. Makatoni amakhala padzuwa panja pa shopu, magetsi amapita tsiku lonse, furiji imasanduka kabati, ndipo m'katimo ntchito ikupitirira.

Tsono yang'anani amene akumwa. Ana a yunifomu akuweruka kusukulu. Madalaivala a minibasi pa siteshoni, dzanja lina pa chiwongolero. Amayi apakati amene auzidwa kuti jinja wa m'menemo amaletsa mseru. Abambo amene anong'onezana kuti amawonjezera mphamvu za kuchipinda, ndipo mukudziwa kuti chinthu chikangotchulidwa choncho mu Zambia muno, ngakhale madzi a batire akhoza kutha m'mashopu. Pamaliro amamuika m'bafa limodzi ndi zoziziritsa kukhosi. Mowa weniweni uli ndi malamulo ake a msinkhu, a malo ndi a nthawi. Uyu alibe msinkhu, alibe malo, alibe nthawi.

M'shopu muja sindinamuuze kanthu Tikambenji. Ndinangomunyamulira jumbo n'kumuperekeza kwawo, ndikudziuza kuti mwina ndikukulitsa nkhani. Mwina kabotolo kamodzi pa tsiku si kanthu.

Tinawapeza a Sakala atakhala pansi pa mtengo wa mango, akukonza mpando. Anandilandira ndi nthabwala zathu za pachilamu, zoti ndabwera kudzatenga mlongo wanga chifukwa sanamalize kulowola. Anali osangalala, n'zoona. Koma ndinaona maso awo. Sanali pa ine. Anali pa jumbo.

Tikambenji anatsegula kabotolo kamodzi, anathira m'kapu, anagwada pang'ono n'kuwapatsa. Atalowa m'nyumba kukaphika, ine ndinatola kabotolo kopanda kanthu kaja n'kuyamba kufufuza magalasi m'thumba. A Sakala anandigwira dzanja.

"Alamu, musavutike kuwerenga," anatero motsitsa mawu. "Ine ninadziwa tsiku loyamba. Lilime linganame, koma apa sipanama." Analoza kumbuyo kwa khosi lawo.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Nikanakamba bwanji? Anagula yekha. Anatsegula yekha. Ananipatsa na manja awiri."

Kenako anandiuza zotsalazo, maso ali pa mpando umene ankakonza. Anati sabata zoyamba ankamwa kokhako kamene apatsidwa, n'kumadziuza kuti chochokera m'manja mwa mkazi wawo sichingakhale tchimo. Kenako kamodzi kanayamba kuchepa. Tsopano akapita kukagula buledi amamwa kena ataima kuseri kwa shopu, n'kutafuna mtedza pobwerera. Ndipo moni wapafupi uja sugwiranso kanthu, chifukwa fungo limene Tikambenji amalimva ndi la jinja, lomwe analibweretsa yekha m'nyumba.

Anandiphunzitsanso chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati odziwa satola kabotolo kalikonse ayi. Amayamba afinya. Kofewa ndi ka ana. Kolimba, kofufuma, kamene kakhalitsa padzuwa, ndi kamene kali ndi nkhani. Anati ukaima pa furiji ina iliyonse mu Kabwe muno n'kuona bambo akufinya mabotolo ngati akusankha mapapaya, dziwa kuti ameneyo sakufuna tiyi.

Chinandipweteka kwambiri ndi chakuti ponena zimenezi nkhope yawo inawala. Ndinaiona nkhope imeneyo kalekale, masiku a wilibala, ndipo ndinkaganiza kuti sindidzaionanso.

Ndinawafunsa ngati angathe kusiya. Anati sakudziwa. Anati Loweruka lapitalo anangozindikira kuti miyendo yawo yalunjika ku Makandanyama popanda kuituma, ndipo anabwerera panjira ali thukuta lokhalokha. Anandipempha kuti ndisanene kanthu mpaka Lamulungu lidutse, chifukwa amake Dalitso avutika mokwanira.

Lachitatu masana akulu a mpingo awiri anabwera kudzayendera banja, monga amachitira Mgonero ukayandikira. Tikambenji anandiitana kuti ndikhalepo ngati wa kuchikazi. Nyumba inali itakolopedwa mpaka pakhonde, ndipo pa mipando panali tinsalu toluka timene timatuluka alendo olemekezeka akabwera.

Mkulu wina, a Mbewe, amadwala shuga ndipo samwa zotsekemera za m'mabotolo. Mlongo wanga anakumbukira zimenezo, chifukwa ndi munthu wokumbukira, ndipo m'mawa mwake anali atapitanso ku shopu. Ndiye pa thireyi panabwera chiyani? Mwadziwa kale.

A Mbewe anamwa, anageya mwaulemu, n'kuyamikira kuti chakumwa ichi chimatsuka m'mimba ndipo iwo sagona osamwako. Mnzawo anavomereza, nati akazi awo amagula katoni yathunthu. Kenako anatsegula Baibulo, anawerenga, ndipo a Mbewe anatembenukira kwa a Sakala ndi funso limene anabwerera. Anafunsa ngati pa zaka zonsezi anakhudzako chakumwa choledzeretsa.

A Sakala anayang'ana kapu ya m'manja mwa a Mbewe nthawi yaitali.

"Chamene mukumwa imwe, akulu, ndiye chamene nikumwa ine."

Akulu aja anaseka mokondwa. Tikambenji anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. A Mbewe anati tipemphere, ndipo onse anatsinzina kupatula ine ndi mlamu wanga. Tinayang'anana pamwamba pa mitu yowerama, ndipo ndinachita manyazi ngati ndine ndaba.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinalankhule pamenepo. Mlamu savula mnzake pamaso pa akulu a mpingo, m'nyumba ya mwini wake. Komanso ndikananena kuti chiyani? Kuti oweruza ndi woweruzidwa akumwera chikho chimodzi? Anthu aja si achinyengo. Ndi abambo abwino, amene akhala moyo wawo wonse osalowa m'bala. Akusaka mowa kumene makolo awo anawauza kuti umakhala, pamene iwo unasamuka kale.

Usiku umenewo sindinagone bwino, ndipo Lachinayi m'mawa ndinaswa pempho la mlamu wanga. Ndinadikira kuti apite kokonza mipando ya anthu, ndinakapeza mlongo wanga akuchapa, n'kumuuza zonse.

Poyamba anakwiya. Anati ine ndi amene ndimamwa, ndiye ndikufuna aliyense akhale ngati ine. Anati chinthu chogulitsidwa pamodzi ndi mkaka wa ana sichingakhale mowa, boma silingalole. Anati a Mbewe amamwa. Ndinamusiya alankhule mpaka mawu atatha, kenako ndinamufunsa funso limodzi. Ndinati, iwe munkoyo umautaya ukangogona pang'ono, nanga uyu wagona nthawi yaitali bwanji m'botolo?

Anasiya kuchapa. Ndiye ndinamufunsa ngati anamulawapo.

Sanamulawepo. Mayi amene amalawa chidebe chilichonse cha munkoyo, amene amanunkhiza ngakhale mankhwala a chifuwa asanawalowetse m'nyumba, anali asanaikepo lilime pa chakumwa chimenechi. Ankachiona ngati mankhwala a abambo, chinthu chodula choti iye sangachiwononge pa khosi lake. Ndiponso chinali chomata bwino, cha ku fakitale, chokhala ndi chithunzi cha masamba obiriwira. Ungalawe bwanji chinthu chomata?

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo kamene kanatsala kwa alendo. Potsegula kanachita phokoso, thovu n'kutsikira m'zala zake. Anaika pa nsonga ya lilime monga amachitira m'mawa uliwonse. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Waluma," anatero.

Anakhala pansi, pa dothi, pafupi ndi beseni. Sanalire mokweza. Anangoyang'ana manja ake, kuwatembenuza uku ndi uku. Kenako ananyamuka, anatenga timabotolo tonse totsala, n'kukatikhuthula kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe amatayira munkoyo. Thovu linatuwa pa dothi, nkhuku n'kubwera kudzaona.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mlongo wanga anatseka zitseko zonse zimene ankazidziwa, ndipo mdani analowa m'jumbo yake yomwe.

Tsopano ndikanakhala wolemba wa chiyembekezo, pano ndi pamene ndikanandandalika zoyenera kuchita. Si zovuta. Opanga alembe kuchuluka kwa mowa m'malemba oti agogo angawerenge popanda magalasi. Mabotolo amene ali ndi mowa wambiri achoke pakati pa mkaka ndi maheu, apite kumene anzake amakhala. Oyeza aziyeza botolo limene lili pa shelefu ku Kamushanga patatha sabata zambiri padzuwa, osati lokhalo limene latuluka kumene m'fakitale. Sindikunena kuti atseke mafakitale. Muli ana athu m'menemo, ndipo ntchito mu Kabwe muno ndi yosowa kuposa mvula ya mu Okutobala.

Koma ndakalamba nazo nkhani zotere. Nthawi ndi nthawi timamva akuluakulu akulankhulapo pa wailesi, mawu amphamvu, ndipo ife timagwedeza mitu. Pakapita masiku furiji imakhala momwe inalili. Wopanga adzati iye analemba pa botolo. Wogulitsa adzati iye sanapange. Woyang'anira adzati galimoto ilibe mafuta. Wogula adzati a Mbewe amamwa. Aliyense ali ndi yankho labwino, ndipo palibe amene ali ndi mlandu. Ife anthu a tauni ino tazolowera kukhala ndi zinthu zimene zimatidya pang'onopang'ono, mpaka tinasiya kuzifunsa.

Ndipo ngakhale atakonza zonsezo mawa m'mawa, kwa Tikambenji madzi atayika kale.

Lachisanu m'mawa a Sakala anapita kukagula buledi. Mlongo wanga anawayang'ana akutuluka pa geti. Anandiuza pambuyo pake kuti anafuna kuwaitana, koma sanadziwe kuti awauze chiyani, chifukwa usiku wake, iye atawafunsa, a Sakala anali atalonjeza ndi misozi kuti zatha. Tiyi anazizira pa tebulo. Dzuwa linafika pamutu. Anandiimbira foni, ndipo tinayenda limodzi shopu ndi shopu mu Katondo monse. Kulikonse ankati anadutsa, kapena sanawaone, ndipo kulikonse furiji inali pomwepo, ndi timabotolo take pakati.

Anabwera okha dzuwa litapendeka, opanda buledi, fumbi la ku Makandanyama lili m'mawondo. Tikambenji anaima pakhomo monga mwa masiku onse. Ulendo uno sanafunike kuyandikira.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinalakwa. Ndikanakhala chete mpaka Lamulungu, mwina timabotolo tija tikanawagwira pang'ono, akanafika pa gome, mlongo wanga akanakhala ndi tsiku lake limodzi. Mwina. Kapena akanafika ku Makandanyama sabata yamawa m'malo mwa sabata ino. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako kukundidya. Chimene ndikudziwa n'chakuti ludzu limene linagona zaka zonsezi silinadzutsidwe ndi bala, kapena ndi anzawo oipa, kapena ndi ine. Linadzutsidwa ndi chinthu chimene mwana wanu angagule lero popanda womufunsa zaka.

Pamene ndikulemba pano ndi Loweruka. Ndinadutsako m'mawa. A Sakala anali m'chipinda, chitseko chotseka. Tikambenji anali pakhonde akusita shati yoyera imene anaigula kalekale n'kuisungira Lamulungu la mawa. Sindinamufunse ngati akawauza akulu a mpingo. Ndikumudziwa mlongo wanga, sadzalola mwamuna wake adye Mgonero ndi bodza pakamwa, ngakhale zimupweteke chotani. Koma shatiyo ankaisitabe, kolala yomweyo mobwerezabwereza.

"Achimwene," anatero osadzutsa mutu, "bala ninali kuidziwa. Ninali kudziwa njira yopita na njira yothawa. Manje niwaletse kuyenda kuti? Ku shopu?"

Ndinangotenga jumbo pa msomali n'kumuuza kuti buledi wa lero ndikagula ndine.

Ndinapita ku shopu ija ya Lachiwiri. Mkaka unali pamwamba, maheu pansi. Pa furiji panaima bambo wina wovala bwino, tayi ili pakhosi, akufinya timabotolo kamodzikamodzi.

Ndiuzeni inu, owerenga anga: munthu amene anasiya mowa, mu Kabwe muno, akagule kuti buledi?